Mabuku amene ndinawerenga m'chisanu: yankho kwa aphunzitsi a ku Bembeke

Aphunzitsi ena a ku Bembeke andilembera imelo. Akuti anamva zoti ine ndi anzanga angapo kuno ku Ntcheu tinapangana kuti nyengo yachisanu yonse tiziwerenga mabuku motsatizana, ili likatha n'kutola lina osapumira. Funso lawo lili pawiri. Choyamba akufuna kudziwa mabuku amene anandikhudza. Chachiwiri akufunsa ngati munthu wowerenga mothamanga chonchi amatolapo kanthu, kapena n'kungofuna kudzitama kuti wagwetsa mulu wa mabuku. Ali ndi maganizo oyesa zomwezi ndi ophunzira awo a Fomu 3 patchuthi chachitali, koma akuopa kuwazoloweza kungodumphadumpha masamba.

Zikomo aphunzitsi. Ndiyamba ndi mabukuwo, chifukwa yankho la funso lanu lachiwiri lili momwemo.

Loyamba linali Nthondo, la Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma. Kuchokera kwanuko si patali, mungokhota pa Kamphata. Bukuli linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolembedwa m'zinenero za mu Africa umene unkayendetsedwa ndi bungwe la ku London, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndinkayembekeza ulaliki wautali. Ulalikiwo ulimo ndithu, koma umabwera mochedwa, ndipo usanafike pali munthu wamoyo: mwana wovuta, wakuba, wabodza, amene mudzi wonse watopa naye. Nthara ankaudziwa mudzi wa Achewa kuyambira kusiwa mpaka kubwalo la milandu, ndipo pamene akulemba za kubadwa kwa mwana, za maliro, za makangano a pabanja, Chichewa chake chimayenda chokha. Nthondo akatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu, nkhani imafota. Munthu wabwino uja sakoma kumuwerenga ngati wakuba uja, ndipo ndikukayika ngati wolembayo sankadziwa zimenezi.

Nditangolitseka ndinatola I Will Try la Legson Kayira, la mu 1965. Mnyamata wa kumpoto, wophunzira ku Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 kuti akapeze sukulu ku America, atanyamula kankhwangwa, bulangete, Baibulo ndi buku la John Bunyan lija la ulendo wa Mkhristu. Ku Kampala anapeza mndandanda wa makoleji a ku America m'nyumba yowerengeramo mabuku, n'kulembera Skagit Valley College ya m'boma la Washington, ndipo anamuyankha. Anapitiriza mpaka ku Khartoum, n'kukafika ku America kumapeto kwa 1960. Anthu ambiri amalitama bukuli chifukwa cha mtunda umene anayenda. Ine chimene chinandigwira mtima ndi mayi ake, munthu wosadziwa kuwerenga, amene sankadziwa n'komwe kuti America ili kuti, koma anamukonzera kamba mwana wawo ngati akupita kutsidya kwa mtsinje. Masamba a ku America ndinawathamanga, ndipo sindikuona kuti ndinataya kanthu.

Lachitatu linali la William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Nkhani ya makina amphepo opangira magetsi ku Wimbe, ku Kasungu, ophunzira anu ambiri akuidziwa kale: njinga ya bambo ake, mitengo ya bulugama, zitsulo zotola kudzala, ndi buku la sayansi limene anabwereka atasiya sukulu chifukwa cha fizi. Koma mtima wa bukuli ndi njala ya 2001 ndi 2002. Amene tinaiona njala ija sitifunika kutiuza za gaga, za kudya kamodzi patsiku, za mizere ya pa ADMARC, za anthu oyenda ndi khasu paphewa kufunafuna ganyu woti alipidwe chinangwa. Pamene akufotokoza za galu wake Khamba ndinaliika pansi bukulo, n'kutuluka panja kaye. Tsiku limenelo mpikisano wathu wowerenga unaima.

Apa ndi pamene pali phindu la kuwerenga motsatizana, aphunzitsi. Ndikanawerenga mabuku atatuwa motalikirana, lina chaka chino lina chaka chamawa, ndikanangoti onse ndi abwino. Koma poti ili linkatha ilo lili kale m'manja, ndinaona kuti nkhani yake ndi imodzi. Mnyamata wa kumudzi, umphawi, kuchoka pakhomo kapena kukanidwa ndi anthu akwawo, kenako chipulumutso chochokera kunja. Kwa Nthondo ndi mishoni, kwa Kayira ndi koleji ya ku America, kwa Kamkwamba ndi anthu amene anamuitanira ku msonkhano wa TED, wa anthu ofotokoza nzeru zatsopano, ku Arusha mu 2007. Kuchokera pa buku loyamba kufika pa lachitatu padutsa zaka zoposa 70, koma mafupa a nkhani sanasinthe. Zili ngati kachewere wa pamsika wa Lizulu: mmodzi m'manja amaoneka wamkulu, koma ukamuthira pa mulu ndi pamene umadziwa msinkhu wake weniweni.

Chifukwa chake si chovuta kuchipeza. Mabuku onse atatu anayamba adutsa m'manja mwa anthu akunja asanafike kwa ife. Nthondo anakalembera mpikisano woweruzidwa ndi azungu, n'kusindikizidwa ndi mishoni. Kayira anasindikiza ku New York. Kamkwamba analemba ndi mtolankhani wa ku America. Sindikunena kuti olembawa ananama, ayi. Zimene anakumana nazo Kayira ndi Kamkwamba zinachitikadi. Ndikunena kuti nkhani ya mnyamata wopulumutsidwa ndi imene inkapeza wogula, ndipo nkhani ya amene anatsala, mlongo amene anasiya sukulu kuti mchimwene wake apitirize, mayi amene anangomva kuti mwana wafika, inalibe woifunsa. M'mabuku onse atatu masamba amphamvu ndi a kumudzi, chipulumutso chisanabwere. Ophunzira anu aakazi akadzaliona limeneli musadzawaletse kukwiya.

Pakati pa mabukuwa ndinalowetsapo kena kogula pamsewu ku Lilongwe, kolonjeza kuti ndikatsatira malamulo ake ndilemera. Wolemba wake akuganiza kuti aliyense ali ndi akaunti ku banki ndi nyumba yoti n'kukongolera ndalama. Ndinakasiya ndisanafike pakati ndipo mtima wanga uli m'malo.

Buku limene linandichedwetsa kwambiri ndi la Jack Mapanje, And Crocodiles Are Hungry at Night, la mu 2011. Iwo anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College pamene anamangidwa ku Zomba mu Seputembala 1987, ndipo anakhala kundende ya Mikuyu mpaka mu Meyi 1991 popanda kuimbidwa mlandu uliwonse. Bukuli ndi lalitali, ndipo pena limabwereza. Mwina woliwerenga wachinyamata angatope ndi mayina ambirimbiri a anthu amene sakuwadziwa. Koma ndimakhulupirira kuti kubwerezako n'koyenera, chifukwa kundende tsiku lililonse limafanana ndi linzake, ndipo chimene chimasunga munthu ndi tinthu ting'onoting'ono: kakalata kozembetsedwa ndi msilikali wandende wachifundo, nthabwala za akaidi anzake, ndakatulo yosungidwa m'mutu poti pepala n'loletsedwa. Kuno ku Ntcheu nkhani za nthawi imeneyo si zakutali. Albert Muwalo Nqumayo anali wa konkuno. Anafika pa udindo waukulu m'chipani cha MCP, anthu ankanjenjemera akamva dzina lake, ndipo mapeto ake iyenso anamangidwa mu 1976 n'kunyongedwa chaka chotsatira. Akuluakulu ena mpaka lero akamatchula zimenezi amayamba ayang'ana kukhomo. Ana obadwa 1994 itadutsa amaseka akaona zotere. Akawerenga Mapanje kusekako kumachepa.

Tsopano la kwathu. Mnzathu wina anabweretsa Children of Their Fathers, la Margaret Read, mayi wa ku England amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, kuphatikizapo a kwa Gomani. Linatuluka mu 1959, ndipo limafotokoza mmene Angoni ankalerera ana. Ndinaliwerenga ndi mitima iwiri. Mtima wina unkasangalala, chifukwa zambiri ndinkazizindikira: mphamvu za agogo akuchimuna pa mdzukulu, anyamata kuchotsedwa m'nyumba ya amayi awo kuti azikagona ndi anzawo, kuweta ng'ombe ngati sukulu ya kupirira, ndi ulemu wa polankhula ndi akulu umene mwana ankauphunzira asanadziwe n'komwe chifukwa chake. Zina mwa izi agogo anga ankazinena, ife n'kumayesa nthano za okalamba.

Mtima winawo unkadandaula. Mayiyu ankacheza kwambiri ndi a kubanja lachifumu ndi mabanja olemekezeka, ndipo Angoni a m'buku lake ndi iwowo. Koma ambiri a ife kuno ndife osakanikirana. Makolo athu ena anachokera kumwera ndi a Maseko, ena anatengedwa m'njira, ena ndi Achewa amene anawapeza konkuno, ndipo ndicho chifukwa chake timavina ngoma koma kunyumba timalankhula Chichewa. Anthu amenewo m'bukumo amaoneka patali, ngati antchito ndi olera ana. Chinandiwawa china n'chakuti nditafuna kupitiriza, kuti ndiwerenge za Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896, kapena za mwana wake Philip Gomani amene anachotsedwa pampando mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, n'kumwalira chaka chotsatira, zimene ndinapeza pafupi zinali za m'Chingerezi, zolembedwera ophunzira a kuyunivesite. Chaka ndi chaka timasonkhana ku Nkolimbo pa mwambo wa Angoni wa Umhlangano, zikopa ndi zishango zili mbwee, koma mwana wa Fomu 3 wofuna kuwerenga nkhani ya mafumu amenewa m'chinenero chake, yolembedwa mokoma ngati Nthondo, ndilibe choti ndimupatse m'manja. Inu a ku Dedza mwina muliko bwino pang'ono, poti muli ndi Mua pafupi, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976 n'kusonkhanitsa zambiri za Achewa, Angoni ndi Ayao.

Ndakatulo zokha zinakana mpikisano. Ndinatenga za Benedicto Wokomaatani Malunga, za m'buku lija la Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti, ndikuganiza kuti poti n'zazifupi ndimaliza madzulo amodzi. Ndi maso zinatha msanga, koma m'mutu simunatsale kanthu. Titakumana ndi anzanga, mmodzi anaimirira n'kulakatula imodzi mokweza, ndipo inakhala ngati ina, yosiyana ndi imene ndinawerenga ija. Ambiri a ife ndakatulo za Chichewa tinayamba kuzimva pa wailesi tisanazione papepala, ndipo zinalembedwera khutu. Musaziike pa mndandanda wa mabuku othamangira. Zisungireni tsiku lokumana.

Ndiye pa funso lanu lachiwiri, ndikuti yesani, koma musamawerengere kuchuluka kwa mabuku amene amaliza. Mukangolengeza kuti womaliza ambiri alandira mphoto, ana adzasankha timabuku topyapyala ndipo ena adzanama. Apatseni mabuku awiri kapena atatu amene akukangana kapena kufanana, awerenge motsatizana osapumira pakati, kenako muwafunse funso limodzi lokha: kodi wolemba uyu akanakumana ndi uyo, akanatsutsana pati? Nthondo ndi Kamkwamba ndi poyambira pabwino, chifukwa lina ndi la Chichewa, lina Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo onse akunena za midzi ya m'chigawo chapakati imene anawo akuidziwa fungo lake. Mapanje musungireni amene aonetsa njala yowerenga, kapena muwasankhire mitu ingapo.

Aloleninso kusiya buku limene lawakanika, bola anene chifukwa chake pamaso pa anzawo. Mwana wonena kuti "ndalisiya chifukwa wolembayu sakudziwa mmene anthu amalankhulira pamaliro" wawerenga mozama kuposa amene wafika kumapeto n'kungoti linali bwino.

Vuto lenileni mudzalipeza pa mabuku enieniwo. A Chichewa akale, a Nthara, a Gwengwe, a Chadza, a Chafulumira, savuta kuwatchula koma kuwapeza m'sitolo ndi nkhani ina. Athu tinawapeza kwa aphunzitsi opuma ntchito ndi kwa mkulu wina wa mpingo, ena opanda chikuto, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Yambani kufunsa anthu otere tsopano, tchuthi chisanafike, ndipo mulembe m'kope dzina la mwini buku lililonse, chifukwa akuluakuluwa amabwereketsa kamodzi kokha ngati loyamba silinabwerere. Buku likakhala limodzi pa ana khumi, agaweni m'magulu a oyandikana nyumba kuti liziyenda khomo ndi khomo, ndipo gulu lililonse likhale ndi tsiku lolipereka kwa linzake. Kumbukiraninso kuti ambiri mwa anawo kwawo kulibe magetsi ndipo m'mawa ali ndi ntchito za kudimba, choncho nthawi yawo yowerenga ndi masana okha. Muwapatse masabata okwanira, osati a ife akuluakulu amene tili ndi nyali za sola.

Mukadzayesa mudzandilembere, makamaka zimene atsikana adzanene za mayi ake a Kayira.