Kwa inu mwangofika ku Joni n'kugula baki ya 4x4: samalani ndi nati ya pa difu

Sabata yatha mwana wa achemwali anga anandiimbira foni ali ku Musina, mawu akunjenjemera. Mnyamatayu wangotha chaka ndi theka kuno. Anasonkherana ndalama ndi anzake awiri n'kugula Hilux yakale ya 4x4 kuti azinyamula katundu wa anthu kupita kumudzi. Ulendo woyamba womwewo, atangodutsa Polokwane difu yakumbuyo, bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo, inayamba kulira, ndipo pofika ku Musina inali itatentha moti sungaikepo dzanja. Nditamufunsa kuti galimotoyo anaigwira ndani asananyamuke, anati, "Malume, pamadontha oyilo pang'ono pamene propshafti imalowera mu difu, ndiye m'bale wina wa kwathu anatisinthira silu pamsewu pomwepo, sanathe ndi ola limodzi lomwe." Ndinamufunsa funso limodzi lokha, loti nati yaikulu ya pamphuno pa difu anaimanga ndi chiyani. Anati ndi gani ya mpweya, makina omangira manati mwamphamvu. Mtima wanga unangoti zii.

Ndagwira zitsulo m'magaraja a kuno zaka zoposa khumi, ndipo nkhani ngati iyi ndaimva kambirimbiri kwa anthu a kwathu. Ndiye abale anga amene mwangobwera kumene, mvetserani.

Choyamba, musathamangire kusintha silu, kamphira kotchinga oyilo kuti asatuluke, musanadziwe chimene chikuchititsa kuti idonthe. Silu ya pinyoni (giya yaing'ono imene imazunguza giya yaikulu m'difu) imakhala kumphuno kwa difu, kuseri kwa flanji, chitsulo chonga mbale pamene propshafti, chitsulo chachitali chobweretsa mphamvu ya injini ku difu, imamangidwa ndi mabauti anayi. Ikatha, oyilo samangodontha pansi ayi, flanji imamumwaza pozungulira, ndiye mumaona mzere wakuda wonyowa kunsi kwa galimoto, pa thanki ndi pa ekizozi. Fungo lake n'losasowa, lofanana ndi mazira owola. Koma galimoto ya 4x4 ili ndi madifu awiri komanso transifa kesi (bokosi logawira mphamvu ku madifu awiriwo) yokhala ndi masilu akeake, ndipo mphepo imakankhira oyilo kumbuyo. Tsukani kaye pansi ponse, yendani pang'ono, kenako muyang'ane pamene payamba kunyowa. Mukatero kwerani ndi dzanja pamwamba pa ekiselo mupeze kavavu kopumira. Kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umasowa potulukira ndipo umakankha oyilo kudzera pa silu, ngakhale silu yatsopano. Mabaki ambiri otsika mtengo amene timagula anachokera m'mafamu, kavavuko kamakhala katauma ndi dothi. Gwiraninso flanji ndi manja awiri muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Ikamagwedera, vuto ndi beringi, ndipo silu iliyonse imene mungaikepo idzatha m'masabata ochepa.

Chachiwiri ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Nati yaikulu ya pakati pa flanji si nati wamba yoti ukamanga kwambiri ndiye kuti wachita bwino. Pinyoni imazungulira pa maberingi awiri oyang'anizana, ndipo pa Hilux ndi magalimoto ena ambiri pakati pa maberingiwo pali kachitsulo konga paipi kopangidwa kuti kaziphwanyika pang'onopang'ono nati ikamamangidwa. Amene anamanga difuyo poyamba anaima pamalo enieni pamene maberingi agwirana bwino, osathina, osamasuka. Ukapitirira pamenepo, kachitsuloko kaphwanyika basi, sikabwereranso, ndipo kumasulako nati sikukonza kanthu. Maberingi amathina, amatentha, amadyeka, pinyoni imasuntha pamalo pake n'kuyamba kudya mano a giya yaikulu. Kulira kuja n'komweko. Ukaimanga moperewera, pinyoni imagwedera, mapeto ake ndi omwewo. Gani ya mpweya siimva kanthu, imangomenya. Munthu akakutulutsirani gani kuti amange nati imeneyi, muuzeni aime, ngakhale akhale wamkulu kwa inu, ngakhale mumapemphera naye tchalitchi chimodzi.

Mmene timachitira ndi umu. Galimoto iime pamalo osatsetsereka, matayala atsekedwe ndi njerwa kapena matabwa kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa propshafti ikachoka giya siigwiranso matayala akumbuyo. Pa Land Rover Defender n'zoopsa koposa, popeza handibuleki yake imagwira pa transifa kesi, ndiye propshafti yakumbuyo ikachoka musaidalire. Musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeki yokha. Lembani chizindikiro cha penti pa propshafti ndi pa flanji kuti zidzabwerere mmene zinalili, mumasule mabauti, propshaftiyo muimangirire ndi waya m'mwamba. Musanakhudze nati, lembani mzere umodzi wodutsa pa nati, pa nsonga ya pinyoni ndi pa flanji, muwerenge mazinga amene akuonekera kunja kwa natiyo, mujambule ndi foni. Pa Toyota mlomo wa nati umakhala utakhomeredwa m'kamphako ka pa shafti, choncho muutukule kaye ndi katchizulo kakang'ono. Flanji muigwire ndi chitsulo chachitali chomangidwa pa mabowo ake awiri, nati muimasule ndi dzanja mukuwerenga kuti yazungulira kangati. Flanji imatuluka ndi chipangizo chokokera chotchedwa pula. Kuimenya ndi nyundo n'kumenya maberingi ali m'katimo.

Flanji ikatuluka, yendetsani chikhadabo pamene silu imakhudza. Chikakodwa m'kamzere, flanjiyo yadyeka, pafunika ina kapena kachitsulo kopyapyala kovekapo. Silu yakale muizule osakanda mpando wake, yatsopano muipake oyilo pamlomo, mbali ya sipuling'i iyang'ane m'kati, muilowetse mofanana mbali zonse. Kenako bwezani nati ndi dzanja mpaka mizere ija ikumane ndipo mazinga akwane monga munawerengera. Garaja yodziwa ntchito imapita patsogolo, imayeza ndi sipanala yaing'ono yoyezera mphamvu imene pinyoni ikufuna kuti izungulire, isanamasule ndi itamanga, n'kuyerekeza ndi buku la galimotoyo. Makaniko amene sakudziwa n'komwe kuti muyeso umenewu ulipo, musamupatse difu yanu.

Pano ndinene za ine. Chaka changa chachiwiri kuno ndinkagwira pa garaja ina imene mwini wake ankafuna galimoto iliyonse ituluke tsiku lomwelo. Tsiku lina ndinali nditalemba mizere yanga bwinobwino pa difu ya kasitomala, iye anabwera, anandilanda sipanala, n'kumenya natiyo ndi gani ine ndikuona. Patatha masabata atatu galimoto inabwerera ikulira. Pamaso pa kasitomala analoza ine, nati ndi mlendo uyu sadziwa ntchito. Anandidula malipiro miyezi iwiri. Nthawi imeneyo mapepala anga anali asanalongosoke, ndinalibe kodandaula, ndipo mwezi umenewo ana kumudzi anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Mpaka lero ndikaganiza zimandiwawa. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti panali wa kwathu wina pa garajapo, anaona zonse, koma anangowerama n'kumapukuta manja.

Ndiye nkhani ya "m'bale wa kwathu" ndiinene mosabisa. Tikafika kuno timakhulupirira aliyense wolankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, chifukwa kunja kuno mtima umafuna wako. Alipo amakaniko a kwathu aluso kwambiri, ndimawadziwa, ena anaphunzira ntchito ku Ndirande ndi ku Biwi asanabwere. Koma aliponso amene anagwirako sipanala miyezi itatu basi, ndipo amadya ndalama za obwera kumene podziwa kuti simukawatengera kulikonse. Mufunseni munthuyo kuti nati aibweza bwanji pamalo pake. Yankho lake likuuzani zonse.

Chachitatu, risiti. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limene limati ntchito yokonza ndi zipangizo zimene zaikidwa zikhale ndi chitsimikizo cha miyezi itatu, ndipo kuli ofesi ya Motor Industry Ombudsman yomva madandaulo a zamagalimoto. Koma popanda pepala lolembedwa dzina la garaja, tsiku ndi ntchito imene yagwiridwa, mukayambira pati? Wa pamsewu mawa lake wasamuka, nambala yake siikupezeka. Pogula galimoto kwa munthu wamba, mukaona mawu oti voetstoots pa pepala, dziwani kuti akutanthauza kuti mwaitenga mmene ilili. Gwadani muyang'ane pansi musanapereke ndalama. Difu yowala ngati yatsukidwa m'mawa womwewo pamene kwina konse kuli fumbi, pali chimene akubisa.

Za oyilo ndinene mwachidule. Tsegulani kaye pothirira musanatsegule pokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti pothirira pakana. Thirani oyilo wa difu wa GL-5, monga 80W-90, mpaka afike pamlomo pa bowo, ndipo ngati difu yanu ndi ya limited slip, yoletsa tayala limodzi kumangozungulira lokha poterera, mugule wolembedwa LS. Oyilo wakale akatuluka woyera ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Pa pulagi yokhetsera pali maginito. Utuchi wosalala ngati phala si vuto, koma tizidutswa ta chitsulo tomveka ku zala ndi chenjezo loti musanyamuke.

Njira mukuidziwa: Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Baki yodzaza mafiriji, mabedi ndi ngolo kumbuyo, difu ndi imene imasenza zonsezo. Mukasintha silu, yendani nayo kuno masiku angapo musanapakire katundu wa anthu, mumvetsere pochotsa phazi pa mafuta, mukaima muyandikize dzanja pamphuno pa difu. Kufunda n'kwabwinobwino, koma kuwotcha ayi.

Mwana wa achemwali anga uja anzake ankamuuza kuti achotse propshafti yakumbuyo ayende ndi matayala akutsogolo mpaka ku Blantyre. Ndinamuletsa, chifukwa matayala akumbuyo akamagudubuzika amazunguzabe pinyoni yomweyo, ndipo ikakagwira pa liwiro galimoto yodzaza imatha kugubuduzika. Ndamuuza kuti asawoloke Beitbridge. Aimbire eni katundu mmodzimmodzi awauze zoona, ndipo ine ndikumusakira chapakati cha difu, chimene kuno amati centre portion, m'masikirapu. Ndamuuzanso kuti atsegule yakeyo awerenge mano a giya yaikulu ndi a pinyoni anditumizire manambala, chifukwa pa 4x4 difu yakumbuyo iyenera kufanana ndi yakutsogolo. Loweruka ndikwera basi kupita ku Musina ndi zipangizo zanga, nati imeneyo ndikamanga ndekha.