Bambo wa ana sakuthandiza: kodi khoti la pa boma lingachitepo kanthu?

Mayi wina wandilembera kuti bambo wa ana ake anakakwatira kwina, sagula ngakhale sopo. Akufunsa ngati khoti la majisitireti la pa boma lingamumvere wopanda loya. Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa achemwali anga anadutsa momwemo.

Alamu athu atachoka, tinathamangira kwa ankhoswe. Anthu anakhala pansi, nkhuku inaphedwa, alamu nkulonjeza matumba a chimanga ndi fizi. Palibe chinabwera. Kwa amfumu analonjezanso, misozi ili mbwembwembwe. Mwana wamkulu anasiyira sukulu Fomu 2 tikudikira malonjezo. Nditatchula za khoti, mayi athu anagwira pakamwa: "Ufuna kumangitsa bambo wa ana? Anthu atiyesa chiyani?"

Mantha awo ndimawamvetsa. Anakula nthawi ya makhoti a mafumu a m'nthawi ya Kamuzu, komwe loya sankaloledwa, komwenso Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anawagamula kuti aphedwe mu 1983. Makhoti amenewo anatha mu 1994, koma kumudzi mpaka lero khoti amaliyesa khomo la ndende.

Ndinene mosapsatira: ankhoswe ndi oyanjanitsa, alibe mphamvu yokakamiza munthu kupisa m'thumba. Ndipo amene amakonda kunena kuti za m'banja sapita nazo kukhoti, mukawafufuza, ambiri ndi akuchimuna. Kupirira kotere amalipira ndi ana. Tsiku limene achemwali anatenga chisamani, alamu omwe ankaseka ankhoswe aja anafika m'mamawa, atavala jekete, ulemu wokhawokha. Mlandu anausuntha kangapo, ndalama ya minibasi inatipweteka, komabe chigamulo chinatuluka.

Ambiri amaganiza kuti khoti la pa boma ndi la akuba mbuzi ndi a ndewu za kumowa basi. Zoona, yotereyo imaweruzidwa pomwepo, ndipo womangidwa ayenera kukaonekera pasanathe maola 48 (belo ya kupolisi ndi yaulere, wina asakudyereni). Milandu yakupha imapita ku khoti lalikulu la High Court. Koma ngongole zing'onozing'ono, kuthetsa ukwati wa chinkhoswe, kuteteza womenyedwa m'banja, chithandizo cha ana, zonsezi ndi ntchito yake. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lisamale mwana wake, kaya ukwati unatha kaya panalibe nkomwe.

Ndiye mutani?

Pitani kwa kalaliki wa khoti mukanene kuti mukusumira chithandizo cha ana. Loya safunika. Pali kandalama kolipira pa chisamani, mufunse lisiti. Tengani mabuku a ana akuchipatala, malisiti a fizi, ndipo mudziwe komwe bamboyo amakhala ndi ntchito imene amagwira. Zikakuvutani, a Legal Aid Bureau (bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya) kapena ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma pomwepo akuthandizani. Bamboyo akanyozera chigamulo, musabwererenso kwa ankhoswe, kauzeni khoti lomwelo.