Kodi uthenga wa kolera upite kuguwa? Yankho langa kwa mlangizi wa zaumoyo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mlangizi wa zaumoyo kumudzi. Akuti mvula yayandikira ndipo akufuna kukumbutsa anthu za kolera, koma akaitanitsa msonkhano pabwalo pamabwera anthu khumi, ena mwa iwo ana. Lamulungu akamadutsa patchalitchi amapeza anthu adzaza mpaka ena akhala panja. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi uthengawu ndikautule kwa abusa ndi ashehe kuti azilengeza okha? Nanga si ntchito ya boma, mpingo ukulowamo bwanji?"

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerenga katatu. Ndinayamba kuyankha usiku womwewo koma ndinalekeza panjira, chifukwa mwandikumbutsa malemu bambo anga.

Bambo anali mphunzitsi wa mpingo pa katchalitchi kathu ka Katolika kumudzi, komwe ansembe ankafika kamodzi pamwezi, ndipo mitsinje ikadzaza sankafika n'komwe. Loweruka lina madzulo kunabwera mnyamata panjinga kuchokera kuparishi, n'kuwapatsa kabuku. Anawauza kuti mawa akawerenge konse, asadumphe ndime. Ine ndinali ndi zaka 11. Ndimakumbukira kuti usiku umenewo bambo sanadye nsima. Anakhala pafupi ndi koloboyi akuwerenga, amayi ali chete pakhomo la kuchipinda.

M'mawa mwake, pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, anavala jekete lawo limodzi lija n'kuima kutsogolo. Kabukuko kankanjenjemera m'manja mwawo, ife ana tinkachita kuonera pamphasa pomwe tinakhala. Pabenchi yachiwiri panali atcheyamani a nthambi ya chipani, munthu amene ankaima pamsika kufunsa makadi. Bambo anawerenga za malipiro osakwana kugula chakudya, za zipatala zopanda mankhwala, za ana othithikana m'kalasi imodzi, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha amene anatitseka pakamwa tonse. M'tchalitchi munangoti zii. Ngakhale makanda anachita ngati auzidwa. Atamaliza, agogo ena kumbuyo anangoti "Eeh," mawu amodzi okha, ndipo anthu anatuluka osayang'anana.

Imeneyo inali kalata ya aepiskopi. Inasindikizidwa ku Balaka, makope 16,000, ambiri m'Chichewa, ena m'Chitumbuka, achingerezi ochepa chabe. Patangopita masiku awiri aepiskopi anaitanidwa kupolisi ku Blantyre, boma linalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu, nyumba yosindikizira ija inatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno mu Epulo. Kwathu amayi anakulunga kabukuko m'pulasitiki n'kukakwirira pansi pa chimanga m'nkhokwe. Pa 14 Juni 1993 anthu anakavota pa riferendamu, nyali ya zipani zambiri n'kugonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi.

Chimene chimandizunguza mutu mpaka lero ndi ichi. Boma la nthawi imeneyo linali ndi wailesi ya MBC, yokhayo m'dziko lonse. Linali ndi Daily Times, Malawi News ndi Boma Lathu, linali ndi apayoniya, linali ndi magalimoto a chimkuzamawu. Aepiskopi anali ndi kabuku ndi pakamwa pa anthu ngati bambo anga. Ndipo m'kabukumo munalibe chachilendo ngakhale chimodzi. Aliyense m'tchalitchi muja ankadziwa kale kuti kuchipatala kulibe mankhwala. Anthu anagwidwa mtima chifukwa cha amene ankawerenga. Bambo ndi amene ankatsogolera mapemphero pamaliro awo, amene ankawaphunzitsira ana katekisimu, amene ankalima munda woyandikana ndi wawo. Onse ankadziwa kuti munthuyu akhoza kutengedwa usiku chifukwa cha zomwe wawerenga, ndipo alibe kothawira. Wakutsina khutu ndi mnansi, anatero akuluakulu, ndipo tsiku limenelo anthu anamva kutsina kwa mnansi.

Nditakula ndinagwirapo ntchito kubungwe lina lofalitsa mauthenga a zaumoyo. Mauthengawo ankalembedwa m'Chingerezi kuofesi, n'kundipatsa ine tsiku lomaliza kuti ndiwaike m'Chichewa msangamsanga, osindikiza akudikira. Tinkapita kumidzi ndi mapositala, masikipa ndi makireti a zakumwa. Mudzi wina tinafika cha m'ma 11, tinaimba nyimbo, tinachita sewero, ine n'kufotokoza bwinobwino kuti anthu azimwa madzi aukhondo. Mayi wina wachikulire anaimirira, anamanga bwino chitenje, n'kundifunsa mofatsa: "Mwana wanga, zamveka. Nanga mjigo wathu mudzakonza liti? Uno ndi mwezi wachisanu ndi chitatu tikumwa m'dambo." Ndinalibe yankho. Za mijigo sizinali m'ndondomeko yathu. Itakwana 2 koloko tinakwera galimoto, ndipo mudzi umenewo sindinaupondenso. Patapita masabata angapo ndinapeza positala yathu ina pamsika, yong'ambidwa zidutswazidutswa, akukulungira usipa. Sindinamukwiyire wogulitsa uja. Funso la mayi aja ndi limene linandipweteka, ndipo limandipwetekabe.

Kuyambira pamenepo ndinaleka kukhulupirira mawu akuti anthu akumudzi ndi osamva. Mawuwa ndimadana nawo, achemwali, ndipo mukadzawamva kumsonkhano wa kuboma musadzagwedeze mutu movomera. Anthu amamva. Amene samva ndi ife obweretsa uthenga. Timafika ngati amalonda otula katundu, kutula mawu pabwalo n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Timabwera tikakhala kuti tikufuna kanthu: mayina papepala, zithunzi za lipoti, mavoti. Ndipo ndi ife tomwe tinaphunzitsa anthu kuti msonkhano ndi Fanta ndi alawansi. Lero inu mukaitana chimanjamanja pakubwera anthu khumi, ndipo mlandu si wanu, si wawonso.

Ndiye pali nkhani ya chilankhulo, imene ndikaiyamba sindimaliza. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa anthu 100 aliwonse m'Malawi, 84 amakhala kumidzi. Koma chidziwitso chofunika chikatuluka, kawirikawiri chimayamba ndi chikalata chachingerezi chokhala ndi chidindo, choikidwa pa Facebook. Chichewa chimabwera pambuyo, chikabwera n'komwe, ndipo Chiyao, Chitumbuka, Chisena ndi Chilomwe zimadikira kuposa apo. Kunyumba ya malamulo aphungu amakambirana za feteleza wathu m'Chingerezi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe maofesi aboma akusunga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo ndi labwino, koma agogo anga akalembera ndani, m'chilankhulo chanji? Amishoni anamaliza Buku Lopatulika lonse mu 1922. Zaka zoposa 100 zapitazo iwo anali atadziwa kale kuti ukafuna kufika pamtima pa munthu umalankhula monga amalankhulira amayi ake pamtondo. Ife a masukulu tikuvutikabe kuchimvetsa.

Zotsatira zake tinaziona. Mu Meyi 2021 dziko lino linatentha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 chifukwa masiku ake anatha anthu asanabwere kudzabayitsa. Nthawi imeneyo mauthenga a mawu pa WhatsApp anali atazungulira kale, m'Chichewa chomveka bwino, kunena za 666 ndi zakuti obayitsa sadzabereka. Ankafika pafoni kuchokera kwa mlamu, kwa mnzako wa kukwaya, kwa mwana wako wa ku Johannesburg. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera oyandikira, mpaka ogwira ntchito zachitukuko ena anachotsedwako. Bodza limayenda m'njira yomwe ija inadutsa kalata ya aepiskopi, pakamwa pa munthu amene umamudziwa. Nchifukwa chake zimandiwawa kuti choonadi timachisiya pakhoma la ofesi, chomatidwa ndi selotepi.

Ndipo kolera amene mukunenayu si nthano. Mliri umene unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre mpaka zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Matenda oti madzi othira kolorini, chimbudzi, sopo ndi Thanzi ORS zimawagonjetsa.

Koma mipingo nayo isadzitame

Ndine mwana wa mpingo ndipo ndikunena izi ndi ulemu, koma guwa lija bambo anaimapo akunjenjemera, m'malo ambiri lero lasanduka msika. Mvetserani zolengeza za Lamulungu. Chopereka cha chitukuko, chopereka cha galimoto ya abusa, pepa Sande, mayina a amene sanamalize masika. Pofika pa uthenga wa sikelo anthu atopa, amayi ayamba kale kubereka ana kumbuyo, mlembi n'kuuwerenga mothamanga ngati akuthawa mvula. Nyengo ya kampeni andale amapatsidwa maikolofoni chifukwa abwera ndi envelopu. Alipo aneneri amene amauza odwala kuti ataye ma ARV poti apemphereredwa, ndipo maliro ake timakaika ndife. Ilipo mipingo yoletsa ana kubayitsa katemera wa chikuku. Munthu akamakhulupiriridwa chotere ndiye kuti wanyamula miyoyo ya anthu m'manja, ndipo ena mwa atsogoleri athu amainyamula ngati akunyamula nkhuni.

Za zimkuzamawu za usiku wonse ndisayambe n'komwe. Komwe ndimakhala kuno mapemphero ena amayamba 9 koloko usiku mpaka tambala woyamba, khanda la aneba likulira, wodwala akulephera kugona. Palibe amene anatembenukapo mtima chifukwa chosowetsedwa tulo. Bambo analibe chimkuzamawu, koma mawu awo anamveka mpaka benchi yomaliza.

Sikuti zonse n'zoipa ayi. Mawailesi ngati Radio Maria ya ku Mangochi ndi Radio Islam, komanso mawailesi a m'madera ngati Dzimwe ndi Mudzi Wathu, amatsegula foni kuti womvera afunse, ndipo anthu amafunsadi. Kumbali ya zaumoyo chinthu chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi Chipatala cha pa Foni, chija chinayambira ku Balaka mu 2011. Mayi woyembekezera amaimba, amalankhula ndi munthu m'chilankhulo chake, amafunsa mpaka atakhutira. Positala sungaifunse kanthu. Ndipo taonani pamaliro, pomwe amfumu amaimirira mwambo usanathe n'kupereka mauthenga a m'mudzi. Aliyense amakhalapo, Mkhristu, Msilamu, ngakhale amene sapemphera, ndipo palibe amene amayembekezera alawansi. Njira zimenezi makolo anatisiyira zili zokonzeka kale, ife n'kumakabwereka holo kuhotela ya kunyanja kuti tikambirane za momwe tingafikire anthu.

Ndatalikitsa, achemwali, pepani, nkhaniyi inandikhala pakhosi kalekale.

Yankho langa ndi lakuti inde, pitani, koma musakatule pepala n'kubwerera. Yambani ndi amfumu kuti asamve kwa ena. Kenako kaonaneni ndi abusa, ansembe ndi ashehe pakati pa sabata, kunyumba kwawo, onse osasiyako ngakhale mpingo waung'ono, ndipo mukapemphe mphindi zisanu kuti mulankhule nokha, Lachisanu kumzikiti monga ashehe angakonzere, Loweruka kwa a Seventh Day, Lamulungu kwa enawo. Iwo akulandireni ndi mawu awo, inu munene zinthu ziwiri zokha: tsiku ndi malo olandirira kolorini, komanso kuti wotsegula m'mimba ayambe kumwa Thanzi n'kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nyamulani ndowa, muthire kolorini anthu akuona, ndipo ikatha nthawi yodikira kuti kolorini agwire ntchito mumwe madziwo inuyo poyamba. Mapemphero akatha musathamangire njinga, imani panja kuti ofunsa akupezeni. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi a m'miphakati ndi amene amatunga madzi ndi kuphika pamaliro, choncho pitaninso tsiku lawo lokumana. Za ndale musakhudzeko ngakhale wina akuputeni. Ndipo poti ntchitoyi ndi ya boma, ikhalebe m'manja mwanu: mpingo ukubwerekeni anthu ndi khomo, koma za mankhwala muziyankha ndinu.

Musanapite, yendani kaye mukaone mijigo yonse ya m'dera lanu, mudziwe wakufa ndi wamoyo, ndiponso amene mwamuuza za wakufawo ndi tsiku limene munamuuza. Adzakufunsani. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva kuti panabwera anthu angati.