Mwafika ku India, Konzekerani Okutobala ndi Novembala

Abale anga amene mwatsika ndege ku Delhi mwezi wa Ogasiti kudzayamba maphunziro, pano mwina mukuona ngati mwazolowera. Mwadziwa kokwerera metro, sitima ya mumzinda ija, mwaphunziranso kunenerera mtengo wa auto, kagalimoto ka matayala atatu kaja. Dikirani mvula ya monsoon ithe. Kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka mu Novembala dziko lino limalowa m'zikondwerero zotsatizana, ndipo ine chaka changa choyamba palibe amene anandichenjeza.

Ndiyambe ndi za mapepala ndi ndalama, chifukwa ndi zimene zimaliza anthu. Pa 2 Okutobala ndi Gandhi Jayanti, tsiku lobadwa Mahatma Gandhi. Mabanki ndi maofesi a boma amatseka, ngakhale mowa sugulitsidwa. Tsiku limeneli silisuntha, koma masiku enawo amayendera mwezi wakumwamba. Diwali, chikondwerero cha nyali, inali pa 12 Novembala mu 2023, koma mu 2025 ku Delhi inali pa 20 Okutobala. Chigawo chilichonse chilinso ndi masiku ake a tchuthi, choncho pemphani ndandanda ku ofesi ya sukulu yanu, muimate pakhoma. Mabanki kuno sagwiranso ntchito Loweruka lachiwiri ndi lachinayi la mwezi, ndiye tchuthi chikagundana ndi Loweruka lotero mutha kukhala masiku atatu kapena anayi banki ili chitsekere. Akumudzi auzeni atumize ndalama msanga. Ngati viza yanu ikutha m'miyezi imeneyi, tumizani pempho loonjezera pa e-FRRO, webusaiti ya boma yoona za maviza a alendo, kudakali masabata angapo.

Za maulendo ndinene mwachidule. Matikiti a sitima amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 60, ndipo opita ku Bihar ndi ku Uttar Pradesh amatha mofulumira, chifukwa anthu amapita kwawo kukadya zikondwerero za Diwali ndi Chhath Puja. Chipwirikiti cha pa Wenela pa Khirisimasi n'chochepa. Ngati ulendo si wokakamiza, khalani pamene muli.

Chikondwerero cha Navratri chimatenga usiku 9. Ahindu ambiri amasala nyama, mazira, anyezi ndi adyo, ndipo m'madera ena mabutchala amatseka. Ngati mumaphikira khitchini imodzi ndi anzanu kapena mumakhala pamwamba pa alandilodi, funsani kaye musanakazinge nkhuku. Kufunsako sikukuchotserani kanthu, koma kumakupatsani ulemu wa chaka chonse. Tsiku lakhumi ndi Dussehra, pamene amawotcha zidole zazitali za Ravana, mfumu imene Rama, mmodzi wa milungu ya Ahindu, anaigonjetsa. Pitani mukaone, foni muigwiritsitse m'chikhamumo. Amene muli ku Kolkata muona chikondwerero cha Durga Puja mzinda wonse uli m'misewu usiku wonse, amene muli ku Gujarat muvina gule wa garba. Makolo a amwenye ambiri amene timawadziwa ku Limbe anachokera ku Gujarat komweko.

Pakapita masiku pafupifupi 20 pamabwera Diwali, usiku wopanda mwezi. Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Chaka changa choyamba ndinadzitsekera m'chipinda. Hositelo inali zii, anzanga onse atapita kwawo, kunja makombola akulira ngati mfuti mpaka pakati pa usiku. Ndinasowa amayi anga kuposa tsiku lina lililonse. Chaka chachiwiri, nditasamukira m'nyumba ya lendi, mayi mwini nyumbayo anagogoda pachitseko changa madzulo, m'manja muli mbale ya tinyali tadothi tija amati diya. Anandipatsa machesi, tinayatsa limodzi kamodzikamodzi pakhonde ponse, kenako anandikhazika pakati pa ana awo n'kundidyetsa mpaka ndinachita kupempha kuti basi. Kuchokera usiku umenewo ndikadwala ndi iwo amandiperekeza kuchipatala.

Choncho akakuitanani musakane. Gulani bokosi la mithai, maswiti awo aja, kapena la mtedza wa kaju ndi badam, musapite chimanjamanja. Valani zowala, zakuda muzisiye; chovala chosokedwa ndi chitenje chakwathu amachikonda kwambiri. Pewani nsalu za nayiloni, chifukwa moto umakhala pansi paliponse. Vulani nsapato pakhomo, ndipo musaponde zojambula za ufa wamitundumitundu, rangoli, zimene amayi ndi atsikana amakhala atazigwirira ntchito tsiku lonse. Ikafika nthawi yopemphera kwa Lakshmi, mulungu wawo wamkazi wa chuma, inu amene ndinu Akhirisitu kapena Asilamu imani chete pambali. Ine sanandikakamizepo kugwada. Akakupatsani prasad, chakudya chimene apereka kwa mulungu wawo, landirani ndi dzanja lamanja. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani, gwirizanitsani manja pachifuwa, muthokoze, munene zoona modekha.

Chimene sindikonda pa nyengoyi ndi utsi. M'maŵa wotsatira usiku wa Diwali ku Delhi dzuŵa limaoneka ngati lili kuseri kwa nsalu, maso amawawa, pakhosi pamakanda. Si makombola okha ayi: alimi a ku Punjab ndi ku Haryana amakhala akuwotcha zotsalira za mpunga m'minda, ndipo kukamayamba kuzizira utsiwo umangokhala pansi osachoka. Gulani masiki a N95 Okutobala asanafike pakati, tsekani mawindo usiku, zothamanga m'maŵa muzisiye kaye. Amene muli ndi mphumu, mankhwala anu opopera aja akhale m'thumba, ena apadera m'chipinda.