Funsani Dokotala: Sikani sinaonetse mwala, nanga andituma bwanji ku CT?

Adokotala, ndimamva ululu woopsa m'nthiti cha kumsana, mbali ya kumanja, ndipo nthawi zina mkodzo umatuluka wofiira. Atandiunika anati impso yatupa koma mwala sanauone. Pano akuti ndikajambulitse CT ku Kamuzu Central. Kodi sikani yoyamba ija inalakwika?
Bambo wa ku Kawale, Lilongwe

Ayi bambo, sinalakwike. Ija yopaka mafuta oterera pamimba ndi ultrasound. Imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso, ilibe cheza cha X-ray, n'chifukwa chake timaunikira ngakhale amayi oyembekezera. Imaonetsa bwino kukula kwa impso, yomwe mwa munthu wamkulu imatalika masentimita 10 mpaka 12, komanso chikhodzodzo chikakhala chodzaza. Paja amakuuzani kuti mumwe madzi ambiri, musakodze.

Pamene imavutika ndi pa kanjira kotenga mkodzo kuchoka ku impso kupita kuchikhodzodzo. Kanjirako n'kopyapyala, kali kuseri kwa matumbo, ndipo mpweya wa m'matumbomo umatchinga. Mwala ukakakamira mmenemo, ife timangoona impso yotupa chifukwa mkodzo wasowa podutsa, ngati ngalande yotsekeka. Kutupako ndiye kwachititsa kuti akutumeni ku CT.

CT imajambula thupi m'magawo opyapyala, n'kuonetsa pamene mwala uli ndi kukula kwake. Kukulako n'kofunika: wosapitirira mamilimita 5 kawirikawiri umatuluka wokha, waukulu ungafune opaleshoni. X-ray wamba musamudalire kwambiri, miyala ina samaiona. Koma CT ili ndi cheza chochuluka, si yongojambulitsa mutu ukawawa, ndipo mayi amene akuganizira kuti ali ndi pakati anene asanagone pamakinawo.

Posaka mwala nthawi zambiri sabaya kanthu. Akati akubayani mankhwala owalitsa njira ya mkodzo, ayambe ayeza magazi a creatinine, oonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa mankhwalawo amatha kupweteka impso zofooka kale. Muwauzenso ngati mumamwa metformin wa shuga kapena ngati mankhwala ena anakuwengani.

China, kuno kwathu magazi mumkodzo timayamba taganizira likodzo. Ngati munasambapo kunyanja ku Salima kapena m'madambo, mkodzo uyezedwe, chifukwa likodzo lokhalitsa limathinitsa kanjira komweka n'kutupitsa impso.

Mukayamba kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza kosaleka kapena mkodzo kusiya kutuluka, musadikire tsiku la CT. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.