Za katumbu wa loboti amene awapatsa agogo

Achemwali, ndamva uthenga wanu, zoti kumalo osamalira okalamba kuja agogo awapatsa chidole cha loboti, ndiye mukufunsa ngati anamwino ayamba kuwazemba. Mtima m'malo kaye, ndifotokoze.

Chimene mwatumiza pachithunzicho ndi Paro, loboti yooneka ngati mwana wa katumbu wa m'nyanja (seal pa Chingerezi). Anachipanga ndi Takanori Shibata wa ku Japan, ndipo ku America chinavomerezedwa mu 2009 ngati chipangizo cha chipatala. Chimalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka. Pansi pa ubweyawo pali masensa omva kukhudza, mawu, kuwala, ngakhale mmene mwachinyamulira. Mukachisisita chimaphethira, kutembenuza mutu, n'kulira chapansipansi. Anasankha mwana wa katumbu wa m'nyanja dala. Mphaka aliyense amamudziwa, wabodza angamutulukire msanga, koma katumbu ndani anamufukatapo?

Chimathandiza, inde, makamaka kwa odwala matenda oiwala ngati agogowa, dzuwa likamapendeka pamene amayamba kusakhazikika. Koma imvani izi. Kafukufuku wa ku Queensland, Australia, amene anatuluka mu 2017, anatsata okalamba 415, ena mwa iwo akupatsidwa Paro woyatsa, ena wozimitsa, mphindi 15 katatu pa sabata kwa masabata 10. Paro woyatsa ankawayankhulitsa ndi kuwakopa maso kuposa wozimitsa, koma pa nkhani yokhazika mtima pansi awiriwa sanasiyane kwenikweni. Ndiye musachiyese mankhwala.

Chofunika n'chakuti pakhale munthu pambali. Namwino akhale pansi, maso alingane ndi a agogo, achionetse kaye patali pang'ono, adikire kuti iwo atambasule okha dzanja. Osangowaponyera pamiyendo n'kutuluka, ayi. Akachikankha, chichoke, adzayesenso tsiku lina. Ena amakwiya kuti mwawayesa mwana. Enanso amachikonda mopitirira, n'kumadandaula kuti sichinadye, mpaka iwo kukana chakudya. Pamenepo musatsutsane nawo, musanamenso kuti n'chamoyo, ingonenani kuti chikukapuma. Ndipo chimapumadi, tchaja yake imalowa pakamwa ngati kanthu koyamwa makanda kaja.

Chimene chimandiopsa ine ndi ichi. Munthu woiwala akamabuula kapena kuyendayenda, nthawi zambiri pali chifukwa: ululu, ludzu, kudzimbidwa, matenda a m'njira ya mkodzo, thewera lonyowa. Loboti siona nkhope yakwinyika, simva fungo. Mukawatontholetsa ndi chidole musanafufuze zimenezi, matendawo amapitirira mwakachetechete.

Ndiye mukapita Loweruka, mukafunse kuti amakhala nawo ndani nthawi imeneyo, kwa mphindi zingati, komanso ngati amalemba mmene agogo achilandirira. Mufunsenso za ukhondo, poti ubweyawo suchapidwa m'madzi, amangoupukuta ndi tinsalu topha tizilombo, ndipo manja asambidwe chisanachoke kwa wina kupita kwa wina. Inuyo mukachigwire limodzi ndi agogo, dzanja lanu pamwamba pa lawo, muwafunse dzina limene achipatsa. Mundiuze zimene ayankhe.