Mawu akuti "tremulous" anandigwetsa pa mayeso oyeserera

Funso: Ndili Fomu 4. Pa mayeso oyeserera a Chingerezi tinapatsidwa nkhani yoti tiwerenge, ndipo munali chiganizo chakuti "she answered in a tremulous voice". Atatifunsa tanthauzo, ine ndinalemba kuti mayiyo anayankha mokweza kwambiri. Aphunzitsi anangodula ndi cholembera chofiira. Kodi mawuwa amatanthauza chiyani? Nanga ndingawaike m'chimangirizo pa MSCE?

Yankho: Mwana wanga, ndikuona pomwe unapunthwa. M'mutu mwako munabwera "tremendous", lomwe limanena za chinthu chachikulu kwambiri. Sunasochere patali, chifukwa mawu awiriwa ndi apachibale. Onse anachokera ku mneni wa Chilatini "tremere", kutanthauza kunjenjemera. Kalelo "tremendous" chinali chinthu choopsa choti munthu ukachiona unjenjemere, koma tanthauzo lake linasuntha. "Tremulous" linakhalabe pakhomo: limafotokoza chinthu chomwe chikunjenjemera pang'onopang'ono, makamaka chifukwa cha mantha kapena kusadzidalira.

Taganiza tsiku lomwe ahedi anakuitana ku ofesi osakuuza chifukwa. Walowa, manja kumbuyo, iwo akulemba zawo osakuyang'ana. Kenako akweza mutu nkufunsa kuti, "Dzulo masana unali kuti?" Yankho ukulidziwa, koma potuluka mawu akuduka-duka, kukhosi kwauma, mlomo wam'munsi ukugwedera wokha. Ameneyo ndiye "tremulous voice". Mayi wa m'nkhani yako sanakuwe ayi, mawu ake ankanthunthumira.

Mawuwa ndi mfotokozi, ndipo amakonda kutsogolera mayina ochepa chabe: "voice", "smile", "hand". Dzanja la agogo likamanjenjemera posayina chifukwa cha ukalamba, amathanso kunena "a tremulous hand", ngakhale mantha palibe. Muonjezi wake ndi "tremulously". Potchula, tsindika phatikizo loyamba: TREM-yu-las.

Koma usawaponye paliponse. Nthaka itagwedezeka ku Karonga mu 2009, mawu oyenera anali "earthquake" kapena "tremor". Ukazizidwa m'mwezi wa June, mneni wake ndi "shiver". Ndipo tsiku lina ukadzapita kukafunsidwa mafunso a ntchito, usadzanene kuti "I am tremulous". Adzakuyang'ana modabwa. Anthu amangoti "I am nervous". Awa ndi mawu a m'mabuku, pocheza sawamveka kawirikawiri.

Za chimangirizo, inde waike, koma kamodzi, pamalo pomwe munthu wa m'nkhani yako wagwidwadi ndi mantha ndipo akuyenera kuyankhula. Ndaonapo ana ambiri akuloweza mawu akuluakulu usiku woti mawa ndi mayeso, nkuwathira ngati mchere wa m'ndiwo zonse. Wochonga amazindikira msanga mawu obwereka. Kumbukira kuti Chingerezi ukalephera, satifiketi ya MSCE palibe, choncho chiganizo chophweka cholondola chimakupindulira kuposa chokometsera cholakwika.

Funso lotere likadzabweranso, werenga ziganizo ziwiri za m'mbuyo. Ndikukhulupirira kuti m'nkhani ija munali chomwe chinamuopsa mayiyo, mwina wapolisi pakhomo kapena uthenga wa maliro. Ukanalemba "shaky" kapena "trembling with fear", malikisi akanakhala ako.